Mlongo wanga akufuna kuyimitsa koleji chifukwa cha zothamanga, ndithandizeni nzeru

NyaChibavi analemba:

Monire mose. Pepani ndilemba zambiri koma nkhaniyi yandisowetsa tulo. Ndili ndi mlongo wanga wamng'ono, chitsirizira m'nyumba mwathu, ali chaka chachiwiri pa koleji ina konkuno ku Mzuzu ndipo fizi ndimalipira ndine kuchokera pa kageni kanga ka mpunga wa Kilombero mumsika, bambo anatisiya kale, mayi ali kumudzi. Mwanayu ndi wothamanga chiyambire ku pulayimale, amayi akamutuma kuchigayo ankabwera ufa ukadali wotentha kkkk. Pano nde zafika pena, amadzuka 4 koloko m'mawa, Juni yemweyu chifunga chili tolo munthu osaona ngakhale mpanda wa aneba, ine ndimangomva geti kuti kwee basi watuluka, amatenga msewu wa ku Ekwendeni mpaka cha ku Dunduzu nkubwerera, kusamba, kukalowa m'kalasi. Amathamanga mamita 5000 ndipo akuti nthawi yake yabwino ndi 15:40, mphindi 15 ndi masekondi 40, ine sindidziwa ngati zimenezo ndi zambiri kapena zochepa.

Vuto ndi ili. Pali bambo wina amene akucheza naye pa WhatsApp, sanaonanepo maso ndi maso, akumuuza kuti atha kumupezera sikolashipu ku America yoti azikathamangira koleji, koma akuti ayambe wayimitsa kaye sukulu chaka chimodzi kuti azingotrena basi, komanso titumize K400,000 yoyendetsera mapepala. Mwana wapenga nazo, kudya sakudya bwino, mabuku ali pansi pa bedi. Nditamukaniza anandiuza kuti asisi inu mumangodziwa mpunga.

Nde dzulo kasitomala wanga wina, mdala wachikulire ndithu, ndikumudandaulira anandiuza kuti kunali mKenya wina anaswa marekodi a dziko lonse ali pa koleji ku America koma mapeto ake ankanyamula zikwama za anthu pa bwalo la ndege. Ndi zoona zimenezi? Anthu othamangira makolejiwa akamaliza amathera kuti kwenikweni? Amene mukudziwa ndiuzeni chilungamo, sindikufuna kutsekereza mwayi wa mwana komanso sindikufuna kuponya ndalama m'chimbudzi.

Sacramento265 anayankha:

Asisi ngati ali ndi mapapo otero mubweretseni kuno timupatse njinga, mtunda wa ku Masasa ukusowa anthu ngati amenewo kkkkk. Koma zoona zake 400 imeneyo musatumize, munthu amene akukupatsa sikolashipu sayamba wakupempha ndalama pa Airtel Money, imeneyo ndi mbava yovala bwino basi.

Lap25 anayankha:

Achemwali mdala wanuyo sananame, amanena Henry Rono, ndipo nkhani yake ine imandiwawa mpaka lero moti mundilole ndiifotokoze bwinobwino.

Rono anabadwa 1952 kudera la aNandi ku Kenya, anakhalapo msilikali, kenako anapita ku Washington State University, tauni yaing'ono yotchedwa Pullman, kochi wake anali John Chaplin. Mpikisano waukulu wa cross country wa makoleji a ku America, uja wa NCAA, anawina katatu, 1976, 1977 ndi 1979. Koma chaka chomwe anthu sachiiwala ndi 1978. M'masiku 81 okha, miyezi itatu yosakwana, mwana wasukulu ameneyu anaswa marekodi anayi a dziko lonse. Epulo ku Berkeley 5000 anathamanga 13:08.4, Meyi ku Seattle steeplechase ya 3000, ija yodumpha mipiringidzo ndi dzenje la madzi, 8:05.4, Juni ku Vienna 10,000 anamenya 27:22.5, kutha kwa Juni yemweyo ku Oslo 3000 wamba 7:32.1. Chaka chomwecho anatenganso golide ziwiri ku Commonwealth Games ku Edmonton ndi zina ziwiri ku All-Africa Games ku Algiers. Rekodi ya steeplechase ija inakhala zaka 11 osaswedwa mpaka mKenya mnzake Peter Koech anadzaichotsa 1989.

Kuti mumvetse bwino za nthawi ya mlongo wanu, osati kumunyoza ayi, 5000 ndi maulendo 12 ndi theka kuzungulira bwalo. 13:08 ndiye kuti ulendo uliwonse masekondi 63. 15:40 ndiye kuti ulendo uliwonse masekondi 75. Akanathamanga limodzi tsiku limenelo, Rono akumaliza mlongo wanu akanakhala atatsala ndi maulendo awiri athunthu. Ndipo izi ndi za 1978, nsapato zake zija zopyapyala ngati chipapati.

Tsono tsoka la munthuyu linali la ndale. Olympics ya 1976 ku Montreal Kenya inanyanyala pamodzi ndi maiko ambiri a mu Africa chifukwa timu ya rugby ya New Zealand inakasewera ku South Africa ya tsankho. 1980 ku Moscow Kenya inanyanyalanso chifukwa cha nkhondo ya ku Afghanistan. World Championships nayo inadzayamba 1983 iye atayamba kale kutsika. Ndiye munthu wothamanga kuposa aliyense padziko lapansi pa nthawi yake sanapondepo pa Olympics, ganizani zimenezo. Komanso masiku amenewo malamulo ankati othamanga asamalandire ndalama poyera, zomwe ankapeza zinkadutsa kuseri, popanda womusungira, popanda womulangiza, mnyamata wakumudzi ali yekhayekha kudziko kwa eni kozizira kuposa Chikangawa. Mowa unalowa pamenepo. 1981 anakwanitsabe kuswanso rekodi yake ya 5000 ku Knarvik ku Norway, 13:06.20, koma mowa unali utayamba kale kumudya, thupi linakula, ndalama zinatha, anafika pogona m'nyumba zosungira anthu osowa pokhala, kugwira maganyu, ndipo inde zikwama anazinyamuladi pa bwalo la ndege la ku Albuquerque.

Koma mdala wanuyo anakusiyirani nkhani pakati. Rono sanathere pa zikwama. Anadzalimbana nawo mowawo, anakhala mphunzitsi komanso kochi wa ana asukulu ku New Mexico, ankakamba poyera za vuto lake osabisa. Anabwerera kwawo ku Kenya 2019 ndipo anamwalira ku Nairobi mu Febuluwale 2024 ali ndi zaka 72. Ine chomwe chimandikhudza nchakuti kuthamanga kwake kwenikweni kunali kwa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, zaka zina zonse 40 zotsatirazo anayenera kukhala ndi moyo ngati ine ndi inu, kulipira lendi, kusaka chodya, ndipo zimenezo kunalibe kochi amene anamukonzekeretsa.

Mdala_wa_Luwinga anayankha:

A Lap25 mwafotokoza bwino, yewo chomene, koma Rono ndi wakutali, ine ndikupatseni yapafupi chifukwa ndinadutsamo ndekha ngakhale kuti rekodi yomwe ndinaswa ndi ya pa koleji pathu basi kkk.

Ine ndinkathamangira koleji ina zaka za m'mbuyomu, 5000 ndi 10,000, dzina la sukulu ndisalitchule. Bwalo lathu linali la dothi, mizere tinkalemba tokha ndi laimu m'mawa wa tsiku la mpikisano, laimu akasowa phulusa, ndipo ma spike, nsapato zothamangira zija za misomali kunsi, analipo peyala imodzi timu yonse, size 9, ine ndimavala 7 nde ndinkaika nyuzipepala kutsogolo, mnzanga wa 800 akangomaliza amavula zikadali zotentha ndi thukuta ine nkuvala. Tikamapita ku masewero a makoleji kummwera tinkanyamuka usiku, kufika miyendo itatupa chifukwa chopanikizana m'basi, kugona m'kalasi pa matiresi opyapyala, m'mawa tiyi ndi mabanzi awiri kenako akuti kathamange maulendo 25. Alawansi ankati tikalandira tikabwerera, ina mpaka lero ndikudikirabe. Ndipo musaone ngati ndikudandaula, masiku amenewo ndinali mfumu, ndikalowa mu kafu anthu amaimba m'manja, amayi ophika amandiwonjezera nyama, atsikana amene sankandiyankha moni chaka choyamba anayamba kundidziwa dzina.

Nde mutu unakula. Ndinayamba kujomba makalasi a m'mawa chifukwa ndatopa ndi long run, masana kugona, madzulo kubwalo. Chaka chachiwiri ndinalemba masapu awiri ndinapulumuka, chaka chachitatu anandiwida. Tsiku lomwe ndinaona dzina langa pa bolodi ndinapita kwa amene ankatiyang'anira zamasewero kuti mwina akandilankhulire, anandiuza kuti pepa mphwanga zimenezo ndi za ku academic ife sizitikhudza, anthu omwewo amene ankandinyamula m'mwamba miyezi iwiri yapitayo. Ndinati palibe kanthu ndizingothamanga, ndidzalemera ndi miyendo. Ndinathamanga mipikisano ya m'misewu zaka zitatu, mphotho yaikulu yomwe ndinapeza ndi ndowa ya pulasitiki, sopo ndi kandalama kongokwana transport yobwerera. Ndili ndi zaka 26 bondo lakumanja linayamba, poyamba kumangolira kuti tcha tcha ndikamatsika mtunda wa ku Nkhata Bay, kenako kutupa ngati papaya, kuchipatala anandipatsa mankhwala opha ululu nkundiuza kuti ndipumule, za physio wa othamanga ndani akanandilipirira. Kuthamanga kunathera pompo, popanda ngakhale mpikisano wotsanzikira.

Zaka zotsatirazo sindikonda kuzikamba, nane botolo ndinalidziwa, nchifukwa chake nkhani ya Rono sindimuweruza. Munthu wazolowera kuti thupi lizitopa tsiku lililonse ndipo anthu azikutchula, mwadzidzidzi uli pakhomo pa achimwene ako ukudikira nsima, 4 koloko m'mawa maso ali gwa chifukwa thupi likudziwabe nthawi yake koma kopita kulibe. Amene anandipulumutsa ndi mesho wanga wa ku koleji, iye anamaliza, anandikoka kuti ndizimuthandiza mu hardware yake, pang'onopang'ono ndinadzalemba kadipuloma ka akaunti kamadzulo ndili ndi zaka 34, kukhala m'kalasi ndi ana oti ndikanawabereka. Lero ndili ndi kashopu kanga, ana akuphunzira, sindikudandaula. Mamendulo anga ali mu chitini cha Cowbell pamodzi ndi misomali ndi makiyi akale, mwana wanga wamkazi anatengapo imodzi kukaseweretsa zawana. Juni ngati uno bondo limandiuza za mvula a zanyengo asanalengeze.

Nde achemwali mwanayo musamuletse kuthamanga, mukamuletsa mumupha mtima ndipo adzakudani. Koma zoyimitsa sukuluzo ayi. Ngati nkotheka ndikumane naye, ndimuonetse bondoli aligwire yekha.

Sacramento265 anayankha:

Adada a Luwinga mwandikhudza, nthabwala ija ndabweza. Koma ndowa munasunga? kkkk

Zgambo_Jnr anayankha:

Ine ndikuona ngati tikumuopseza mwana ndi nkhani zomvetsa chisoni zokhazokha. Ndi mtima umenewu nchifukwa chake Malawi chiyambire kupita ku Olympics 1972 sitinabwereko ndi mendulo ngakhale imodzi, mwana akangoonetsa luso timathamangira kumuuza kuti werenga werenga, ma digiri ali mbwee m'tauni muno anthu akugulitsa ma units. Mzuzu tili pamtunda mamita opitirira 1,200, Nyika ndi yoposa 2,000, ku Iten komwe aKenya amatrenera ndi cha m'ma 2,400, kusiyana kwake si kwakukulu koti tizingoti ife sitingathe. Wina ayenera kuika moyo wake wonse pamenepo kuti zitheke. Msiyeni ayese, ali ndi zaka zochepa, sukulu siithawa.

Madam_PE anayankha:

A Zgambo pa za luso ndi mapiri athu ndikugwirizana nanu, ndipo umboni ulipo, Catherine Chikwakwa anapita ku Olympics ya Sydney 2000 ali kamtsikana ka zaka 15 ndipo 2004 anatenga siliva pa 5000 ku World Junior Championships ku Grosseto ku Italy, pakati pa aEthiopia ndi aKenya. Nde zoti Mmalawi sangathe ndi bodza. Koma pomwe mwalakwitsa ndi poti sukulu siithawa, pa nkhani ya sikolashipu ya ku America sukulu imathawa ndithu, ndipo apa ndi pomwe ndagwirira kuti bambo wa pa WhatsApp uja ndi wabodza kapena sadziwa zomwe akunena.

Ine ndimaphunzitsa ku sekondale ndipo zamasewero ndi zanga. Kumakoleji a NCAA munthu umapita ngati mwana wasukulu kaye, kuthamanga kumabwera pambuyo. Uyenera kulembetsa makosi okwanira ngati wophunzira wa full time, magiredi akatsika sakulola kupikisana ngakhale ukhale ndi liwiro la galimoto. Akamakutenga amafuna satifiketi ya MSCE, ma transcript a koleji yomwe uli, zonse zimadutsa ku NCAA Eligibility Center, ofesi yoona ngati ukuyenera kupikisana. Ndiye mwana akayimitsa sukulu magiredi ali mbwerekete akatumiza chani? Chachiwiri, ku Division I, gulu lapamwamba la makoleji a NCAA, kwa zaka zambiri lamulo lakhala loti uli ndi zaka zisanu zoti upikisanemo ma season anayi, ndipo wotchi imayamba kuwerenga tsiku lomwe unalembetsa koleji koyamba ngati full time, kaya kolejiyo ili ku Texas kaya ku Mzuzu. Mlongo wanuyu ali chaka chachiwiri, ndiye kuti wotchi yake ikuyenda kale, chaka chokhala pakhomocho chingodyedwa chabe. Munthu wodziwa zinthu sangamulangize zimenezo.

Chachitatu ndi nthawi. Makochi akunja amafuna nthawi yotsimikizika, yojambulidwa ndi makina pa mpikisano wodziwika, osati ya stopwatch ya pafoni pa bwalo la dothi lomwe mwina silikwana ndi mamita 400 omwe. Ndipo anyamata apamwamba kumakoleji amenewo 5000 amathamanga pansi pa mphindi 14. 15:40 kwa mwana wotrena yekha, wodya nsima ya nyemba, wovala nsapato za pa kaunjika, ndi poyambira pabwino kwambiri ndipo atha kutsitsa, koma si nthawi yoti munthu angakulonjezere sikolashipu lero lero. Ndalama nazo, kochi weniweni sakulipiritsa, amakulembera pa imelo ya sukulu yake, fomu ya I-20 yofunsira visa ya sukulu imachokera kusukuluko, ndipo zolipira za visa zimapita ku boma la America mwachindunji osati pa nambala ya munthu. Pitani naye ku American Corner pa Mzuni akafunse bwinobwino za kaphunziridwe ka kumeneko.

Pomaliza, poti a Lap25 atipatsa Rono, ine ndikupatseni ena awiri kuti a Zgambo asati tikuopseza mwana. Koleji yomweyo ya Washington State inadzatenganso mKenya wina, Bernard Lagat, amene anamaliza maphunziro ake, anatenga bronze pa 1500 ku Sydney 2000, siliva ku Athens 2004, kenako akuthamangira America anawina 1500 ndi 5000 zonse ku World Championships ya 2007 ku Osaka, ndipo anathamanga mpaka Olympics ya 2016 ali ndi zaka 41, pambuyo pake nkukhala kochi wa koleji. Wina ndi Sally Kipyego, anayambira ku koleji yaing'ono ya zaka ziwiri yotchedwa South Plains, nkupita ku Texas Tech, anawina cross country ya NCAA katatu motsatizana 2006 mpaka 2008 uku akuphunzira unamwino, ndipo anadzatenga siliva pa 10,000 ku London 2012. Unamwino anthuni, ndi ma practical ake aja a m'chipatala, uku akutrena. Nde mwana asatiuze kuti makalasi a pano ndi amene akumulepheretsa kutsitsa masekondi.

Mdala_wa_Luwinga anayankha:

A Sacramento ndowa ilipo, akazi anga amaviikamo nyemba. A Zgambo ma units omwe mukunenawo nane ndinagulitsapo, koma pamene ndinkafunsira ntchito ya mu sitolo anandifunsa pepala osati nthawi yanga ya 10,000.

NyaChibavi anayankha:

Yewo nonse, ndawerenga kawiri kawiri, zina ndachita kumuwerengera mwini wakeyo mokweza usiku tikudya. Poyamba anakwiya kuti ndamuyalutsa pa intaneti ngakhale sindinamutchule dzina, koma pa za masekondi 63 paja anasiya kutafuna, anatenga foni nkuyamba kuwerengetsa yekha, kenako anangoti maulendo awiri eti, osalankhulanso. Za wotchi ya zaka zisanu zija a Madam sankazidziwa nkomwe.

Ndinamuuza kuti amufunse bambo uja dzina la koleji ndi imelo ya kochi. Yankho linabwera voice note ya mphindi zitatu, kukalipa kuti ife a Malawi vuto lathu ndi kukayikira, pali ana ena khumi akudikira malo omwewo, tikachedwa Lachisanu atseka. Dzina la koleji osatchula. Lero m'mawa chithunzi chake pa WhatsApp chasowa, mameseji akungoonetsa tiki imodzi.

Mwana sakundilankhula bwinobwino mpaka pano, akuona ngati ndine ndamuthawitsira munthu wake, koma mabuku ndaona achoka pansi pa bedi ali pa tebulo, kaya akuwerenga kaya angowasuntha posesa sindinafunse. A Luwinga ndakulemberani ku inbox, Loweruka ndimutuma kuti adzagule loko wa geti ku shopu kwanu, musamuuze kuti tinapangana, mungoyambitsa nkhani ngati mwangozi. Geti lomwelo lalira 4 koloko lero ngati kale, mvula ikuwaza.

Funso lina laling'ono, nsapato zomwe akuthamangira zang'ambika chala chachikulu chikutuluka, wazisoka kawiri kwa wosoka nsapato wa pa depoti. Ndani akudziwa amene amatsegula belo la nsapato zothamangira zenizeni muno m'tauni, osati zongotchenera? Amavala size 8.